Khasu la pa Shawa ya Zilole

"Ine kumeneko sindikapondako," anatero aNachisale, maso ali pa nyemba zimene ankasankha m'lichero.

Mwana wawo Zilole anali atangofika kuchokera ku Lilongwe. Anatsika minibasi pa Linthipe n'kuyenda wapansi mpaka kumudzi, ndipo fumbi linali likadali m'nsapato. Anabwera ndi nkhani imene iye ankaiona ngati yabwino. Malo ochitira bulaido shawa, mwambo uja amayi amatsazikana ndi mbeta n'kumupatsa ziwiya, anali atapezeka, aulerenso. A Dorika, mayi ake a Bonifasio amene ankafuna kumukwatirayo, anali atapereka bwalo lawo ku Kasina.

"Amayi, holo ya m'tauni imadya malipiro anga onse mipando isanabwere n'komwe. Uku bwalo ndi laulere, mabenchi ndi a kulimana, kagulu kawo ka kutchalitchi kaja, kabichi ndi mbatatesi n'za m'dimba mwawo. Ndalakwa pati?"

"Mapoto amene anthu akupatseyo akagona nyumba iti?"

"Apongozi akandisungira mpaka ukwati utachitika. Kachipinda kanga ka ku Mchesi munakaona. Bedi ndi mbaula, basi kadzaza."

"Ndiye watengedwa, mwana iwe."

Zilole anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunawapsetsa mtima mayi ake. Kwawo kwa Zilole mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, n'kumalima munda wa apongozi ake monga mkamwini. Ngati achimuna akufuna kuti mkazi akakhale kwawo, amayamba apita kwa malume ake kukapempha chitengwa, ndipo malumewo akhoza kulola kapena kukana. Kwa a Gervazio, malume ake a Zilole, sikunafike munthu aliyense.

"Zimenezo n'zamakedzana," anatero Zilole. "Ine ndi a Boni tinagwirizana. Iwo azipitiriza kucheka matabwa kuphiri, ine ntchito yanga sindisiya. Nyumba tikachita lendi ku Lilongwe, azibwera Loweruka."

"A Dorika ukuwadziwa iwe? Tinaphunzira limodzi katekisimu. Mzimayi uja akakubwereka singano, amafuna malaya amene wasokawo."

"Inu simunawakondepo. Mukungofuna kundiwonongera tsiku langa."

"Tsiku lakolo likonze wekha. Kukufunditsa chitenje, kukulowetsa pabwalo pa eni, ziwiya zako zili m'khitchini mwawo, mudzi wonse ukuona, ndiye iwe ukuti ndi shawa. Ndanena, phazi langa pabwalo limenelo ayi."

Zilole anadzuka misozi ikulengeza. Analowa m'nyumba, n'kutenga chikwama chake, ndipo potuluka anamenyetsa chitseko mpaka nkhuku zonse zinabalalika. Nkhuku imene mayi ake anamuphera sanailawe.

Ntchito imene ankaikakamirayo siinali yovala jekete ayi. Zilole ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina ku Lilongwe. Analowa ali mtsikana wongopinda matawulo, manja akusupuka ndi sopo, ndipo patatha zaka zisanu ndi chimodzi anamukweza kukhala kapitawo wa anthu asanu ndi atatu. Makiyi a chipinda chochapira ankayenda nawo m'thumba la yunifolomu. Ankadzuka tambala woyamba, n'kutunga madzi pampopi asanathawe, n'kulimbirana mpando wa minibasi ndi mavenda onyamula mabelo. Madzulo ankafika miyendo itatupa. Koma chilichonse chimene chinali m'kachipinda kaja, kuyambira bedi mpaka kasupuni, anagula yekha, ndipo pa zimenezo sankagwadira munthu.

Shawayo anaikonza ndi mnzake wa kuntchito, Alinafe, mkazi wapakamwa pachangu amene ankadziwa kudula chilichonse chodya ndalama. Keke ya nsanjika anaichotsa, m'malo mwake anaikamo mandasi ndi thobwa. Zoti alendo onse agule chitenje chofanana anazikana, aliyense avale chimene ali nacho. Sipika anabwereka kwa mlamu wake wa Alinafe. Zokongoletsera zinali nsalu zakale za pamatebulo zimene abwana a pahotelapo anawapatsa zitatha ntchito, ndipo Zilole anazichapa n'kuzisita yekha mpaka zinaoneka ngati zam'sitolo.

Nzeru imene ankainyadira kwambiri inali ya mayendedwe. Anzake a kuntchito anali atasonkha kale mapoto, mbale, makapu ndi beseni lalikulu. M'malo molipira katunduyo pa minibasi, anamukweza pa lole imene inabweretsa matabwa a Bonifasio m'tauni, kuti pobwerera ikamutule ku Kasina. Panatsala sabata yathunthu kuti shawa ichitike.

A Dorika ankaimba foni tsiku ndi tsiku, mawu ozuna ngati nzimbe. Koma pomaliza sankalephera kubaya.

"Mwaweruka, mwanangu? Koma kuhotela kumeneko. Mwana wamkazi kumagwira zofunda zimene agonera amuna osawadziwa. Chabwino, Mulungu aliko."

Nayenso Bonifasio anali atayamba kuterera. Zilole akapeza nyumba yoti akaione limodzi, ku Kawale kapena ku Biwi, mwamunayo ankakhala ndi matabwa oti apakire. Zilole ankadandaula pang'ono n'kuiwala, poti munthu wokonzekera ukwati saona zimene sakufuna kuona.

Anafika ku Kasina Lachisanu madzulo, mphepo ya Ogasiti ikuwomba mozizira kuchokera kuphiri. Chimene anayamba kuona chinali khitchini yatsopano kuseri kwa nyumba ya a Dorika, udzu wake ukadali wachikasu. Pambali pake panali kanyumba kozira bwino, kachitseko ka matabwa a paini, loko atapachikapo. Makatoni ake sanawaone. Mbale zake zinali zitayalidwa pathandala, zotsukidwa kale.

"Tinaopa mphemvu m'makatonimo," anatero a Dorika asanafunsidwe. "Kanyumbako n'ka alendo. Khalani pansi mudye, mwayenda."

Zilole anadya mpunga ndi nyemba, n'kuthokoza atagwada. Mtima unagunda pang'ono, koma anauuza kuti ukhale chete.

Loweruka bwalo linadzaza. Amayi a m'limana anakhala pamabenchi mbali imodzi, anzake a ku Lilongwe mbali ina atagwira matumba awo pamiyendo poopa fumbi. Nsalu zija zinawala. Mpando umene anaukonzera mayi a mkwatibwi unali wopanda munthu, ndipo amayi a m'mudzimo ankaulozerana ndi milomo.

Zilole anamutulutsa atamufunditsa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, Alinafe atamugwira dzanja. Anamukhazika pamkeka. Lamulo lake ankalidziwa: mbeta pa shawa siyankhula, siseka, siyang'ana anthu, imangozyolika mpaka eni mwambo aivundukule. Alangizi anabwera mmodzimmodzi. Wina ananena za ukhondo, wina za kulandira alendo, wina za kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Zilole ankangoona mapazi awo pansi pa chitenjecho.

Kenaka anaitana apongozi kuti apereke mphatso yawo. A Dorika anali tcheya wa amayi m'limana lawo, ndipo chinkuzamawu sichinali chachilendo m'manja mwawo. Anabwera akuvina pang'onopang'ono. Zilole anamva chinthu cholemera chikuikidwa pamiyendo pake. Atachikhudza anapeza kuti ndi khasu latsopano, liboni yapinki atamanga pampini, ndipo pa libonipo pankalendewera kiyi.

"Amayi anzanga," anayamba a Dorika, "lero ndapuma. Zaka zonsezi ndalima ndekha mbatatesi kumtunda kuja, msana wanga mukuudziwa. Lero Mulungu wandipatsa mtengwa. Mwaona nokha, wabwera yekha, ziwiya zake zinatsogola kale. Nyumba yake ndi iyo, khitchini ndi iyo, khasu ndi ili. Ukwati ukangodalitsidwa, zochapa zofunda za amuna achilendo zatha. Mwana wanga Bonifasio anandilonjeza kuti mkazi wake sabwereranso kuhotela."

Nthungululu zinalira mbali ya mabenchi a m'limana. Mbali ya a ku Lilongwe kunangoti zii.

Pansi pa chitenje paja Zilole anamva mawu onsewo. Anachita manyazi, kenaka mantha, ndipo pamapeto pake ukali unamukwera. Anaganiza za makiyi a kuntchito amene anali m'chikwama chake, ndi za nkhuku ya mayi ake imene anaisiya osailawa. Anagwira chitenje chija ndi manja onse awiri n'kudzivundukula yekha.

Amayi ena anagwira pakamwa.

"Mbeta sidzivundukula," anatero mlangizi wina. "Fundani msanga, mukutichititsa manyazi."

Zilole anaimirira, khasu lili m'manja.

"Amayi, ndani wakuuzani kuti ndikusiya ntchito?"

"Taonani," anatero a Dorika, akutembenukira kwa anthu, chinkuzamawu chikadali pakamwa. "Kuyankhula ndi apongozi chiimirire. Ndi zimene amaphunzira kuhotela zimenezi."

"Ndafunsa, amayi. Ndani wakuuzani? Nanga kwa amalume anga a Gervazio munapita liti kukapempha chitengwa?"

"Ndikapemphe chiyani kwa munthu wokhalira kudambwe? Iwe unabwera wekha. Ndani anakukoka? Lole inatula katundu wako pakhomo panga masana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Mpunga unadya dzulo uja ndinaphika mu poto wako, pa mafuwa anga, ndipo unathokoza utagwada. Lero ukufuna kutiuza kuti ndiwe mlendo?"

"Ndinangokupemphani kuti mundisungire."

"Kuno si kudepoti. Unafuna zaulere. Bwalo laulere, mabenchi aulere, kabichi waulere. Unkaganiza kuti ine ndine wopusa, ndizingodyetsa anzako a milomo yofiirawa iwe n'kunditengera mwana wanga kutauni?"

Alinafe anadzuka kuti ayankhe, koma nthawi yomweyo kumsewu kunamveka nyimbo. Anali Bonifasio ndi anzake ocheka matabwa, akubwera movina monga amachitira mkwati kumapeto kwa shawa. Anavala jekete yobwereka, manja ake aafupi, ndipo ananyamula maluwa apulasitiki. Anavina mpaka pakati pa bwalo asanazindikire kuti palibe amene akuwomba m'manja.

"A Boni," anatero Zilole, "kanyumba kali kuseriko n'ka ndani?"

Bonifasio anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana khasu, kenaka nsapato zake.

"Tikambirane kumbali, Zilole."

"Mayi anu anena pa chinkuzamawu. Inunso muyankhe pomwe pano. Chitseko cha paini chija anakhoma ndani?"

"Ndine."

"Nyumba za ku Kawale zija munkakana kukaona, n'chifukwa chake?"

"Amayi akalamba, Zilole. Alongo anga onse ali kwa amuna awo. Munda ukufuna munthu. Ndimati ndikuuzeni ukwati ukatha, mtima wanu utakhazikika."

"Ukwati ukatha. Nditalumbira kale pa guwa, pamene sindingathenso kubwerera."

Bonifasio anatsitsa maluwa aja. Apa m'pamene misozi ya Zilole inatuluka, yambiri, ikuchotsa zodzoladzola zimene Alinafe anamupaka m'mawa. Sanalirire a Dorika, poti iwo sanabise minga yawo. Analirira mwamuna amene ankamudikira pa depoti ndi chipisi m'pepala, kwinaku akukhoma chitseko cha nyumba yomutsekeramo.

"Lira umalize," anatero a Dorika. "Tonse tinalira. Ukatha ufunde chitenjecho, anthu adye."

"Zilole."

Mawuwo anachokera kumalire a bwalo, kumene kunali mzere wa mitengo ya mkungudza. Anthu onse anacheuka. ANachisale anali ataima kunja kwa mzerewo, pamodzi ndi amayi asanu a kumudzi kwawo. Anali atakhala pamenepo kuyambira m'mawa, kuseri kwa mitengo, akumva zonse pa sipika yobwereka ija. Aliyense anali ndi nkhata m'manja, yopota kale.

"Lowanitu, asewere," anatero a Dorika monyoza. "Mpando wanu wazizira."

"Ndinati pabwalo panu sindiponda, ndipo sindiponda. Mwana wanga, ziwiya zimenezo unazilowetsa wekha. Uzitulutse wekha. Ife tilandirira pano."

Zilole anapukuta nkhope ndi chitenje chija n'kuchimanga m'chiuno. Anaika khasu pansi, n'kulunjika kuthandala. A Dorika anathamanga kukaima kutsogolo kwake atatambasula manja.

"Chimene chalowa pakhomo pano sichituluka."

"Pali dzina lanu pa mbale izi, amayi?" anafunsa Alinafe, amene anali atavula kale nsapato zake zazitali. "Ife tinasonkha tili pano. Tinapatsa Zilole, sitinapatse Kasina."

Amayi a m'limana anayamba kung'ung'udza, koma palibe amene anadzuka kudzathandiza tcheya wawo. Mayi wina wachikulire anayankhula ali pabenchi pomwepo, osakweza mawu.

"A Dorika, ngati kwa malume simunapite, mwalakwa. Musiyeni mwana wa eni."

A Dorika anatsitsa manja. Zilole anayamba kutuluka ndi katundu wake. Ankanyamula mbale, n'kudutsa pakati pa mabenchi, n'kukapereka kwa mayi ake pamkungudza paja, n'kubwerera. Anzake ankamulandira m'njira. Makapu, mapoto, beseni, zonse zinakwera pamitu. Alinafe anasolola nsalu za pamatebulo mandasi akadali pomwepo, ndipo ana anawatola m'fumbi.

"Watha?" anafunsa aNachisale.

"Watsala poto mmodzi, uja anaphikiramo. Wada ndi mwaye. Atsale naye."

"Bwerera ukamutenge. Ngakhale supuni isagone kuno."

Zilole anabwerera m'khitchini yatsopano ija. Poto anali pamafuwa, muli mpunga wa alendo. Anaukhuthulira m'beseni la a Dorika mosamala, osataya ngakhale njere imodzi, n'kutuluka naye poto ali wotentha, atamugwira ndi nsonga ya chitenje.

Bonifasio anamutsatira mpaka pakati pa bwalo, maluwa aja akadali m'manja.

"Zilole, chonde. Ukwati analengeza kale kutchalitchi. Anthu ati chiyani? Ndalakwa, ndavomera. Musandisiye chonchi."

Zilole anapereka poto kwa Alinafe. Anatola khasu lija, n'kumasula kiyi, n'kuiika pa mkeka umene anakhalapo. Khasulo analipereka kwa Bonifasio ndi manja awiri, mwaulemu wonse, bondo litapindika pang'ono.

"Munati munda ukufuna munthu. Nawonso amayi anga ali ndi munda, ndipo kwathu wolima kwa apongozi ndi mkamwini. Njira ya ku Linthipe mukuidziwa. Ine Lolemba ndili pantchito."

"Ukalandira khasu limenelo," anakuwa a Dorika, "ukatuluka nalo pano, usadzanditchulenso kuti mayi!"

Bonifasio anali atalandira kale. Anangoima, khasu dzanja ili, maluwa dzanja linalo, ngati munthu amene wasiyidwa ndi basi. Mzere wa amayi unatsika njira ya kumsewu, mapoto akuwala pamitu. A Dorika analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, ndipo alendo anayamba kubweza mabenchi kulimana mpunga osaudya.

M'njira mayi ndi mwana anayenda limodzi mpaka anawoloka kamtsinje. Zilole ndiye anayamba kuyankhula.

"Amayi, munanena."

"Ndinanena. Yenda bwino, ugwetsa makapu."

Lolemba Zilole anatsekula chipinda chochapira nthawi yake. Mapoto anawapanikiza pansi pa bedi ku Mchesi, beseni analipachika kukhoma, ndipo kachipinda kaja kanatsala ndi kanjira kokha. Foni ya Bonifasio sankaiyankha. Masiku ena ankalira akusita, n'kunamizira nthunzi ya simbi.

Patatha masabata atatu, Zilole akusita kwinaku akuwerengera antchito ake zochita za tsikulo, aNachisale anaimba.

"Kumunda kwanga kuli munthu. Lero ndi tsiku lachitatu. Amabwera panjinga m'mamawa, salonjera aliyense, amangolima. Dzulo anakagwada kwa amalume ako. Khasu lake lili ndi kansanza kapinki pampini."

Zilole anakhala pa mulu wa matawulo. Mtima unafewa, ndipo anakwiya nawo mtimawo chifukwa chofewa msanga.

"Akulima bwino?"

"Mizere yake njokhota. Munthu wa matabwa uja. Manja atuluka matuza. Ndimuuze chiyani?"

"Wafika pati?"

"Sanafike n'komwe pachulu."

Zilole ankaudziwa mundawo. Kuchokera pachulu kukafika kumalire a kudambo unali ulendo wa masabata awiri kwa mlimi weniweni.

"Musamuuze kanthu, amayi. Madzi akumwa muzimupatsa. Akafika kudambo mundiimbire."

Anadula foni, n'kuiponya m'thumba mmene munali makiyi, n'kubwerera pa simbi yake isanazizire.